Bondo latsopano limachira ndi mafizo, osati ndi kugona

Chisiyireni ndodo, anthu amisinkhu yanga akhala akundiimitsa ku tchalitchi, ku msika ngakhale pamaliro kuti afunse za bondo langa. Mafunso ake sasintha: opaleshoni munakachitira kuti, inapweteka bwanji, ndalama zinalowa zingati. Palibe amene amafunsa za miyezi 3 yotsatira opaleshoniyo, chonsecho miyezi imeneyo ndi imene imagamula ngati munthu adzayenda mowongoka kapena adzatsala akutsimphina ndi bondo louma. Ndikulemba za miyezi imeneyo, momwe ndinaikhalira kwathu kuno ku Matawale, mumzinda wa Zomba, kuti amene akuyembekezera opaleshoni ndi amene adzawadwazike adziwiretu ntchito yomwe ili patsogolo pawo.

Ine ndine mphunzitsi wopuma. Nyamakazi inandidya bondo lakumanja pang'onopang'ono, mpaka chicherewecherewe cha pakati pa mafupa chinatha, fupa n'kumakhulana ndi fupa linzake. Mwendo unayamba kukhota, ndipo kuchoka pakhomo kukafika pamsewu unali ulendo wopumira panjira. Opaleshoni yanga inachitikira ku Blantyre. Kumeneko chipatala cha Beit CURE, chomwe chinatsegulidwa mu 2002, chinadziwika pa ntchito yosintha mawondo ndi ziuno, ndipo ena amapita mpaka ku India. Ambiri amaganiza kuti bondo lonse amalichotsa n'kuikapo lachitsulo. Ayi. Amangosema nsonga zakutha za fupa la ntchafu ndi la msongolo, n'kuziveka zitsulo, pakati pake n'kuikapo pulasitiki yolimba yoti zitsulozo zizitererapo. Minofu yonse yoyendetsa mwendo imakhala yanu yomwe ija, imene inafooka kale ndi zaka zotsimphina, ndipo tsopano yavulalanso ndi mpeni. Dokotala sangaikonze imeneyo. Ndi ntchito ya mwini mwendo.

Kutacha tsiku lotsatira opaleshoni, mnyamata wa fizo anabwera ndi chitsulo choyendera chija cha miyendo inayi.

"Mayi, tiyeni tiimirire."

"Adokotala, si dzulo lomweli andicheka?"

"Eya mayi, n'chifukwa chake tikuimirira lero. Bondoli ndi lolimba, likhoza kukunyamulani. Chimene tikuopa ndi bedili."

Ndinaima, chizungulire chili tho, ndipo ndinaponda mapazi ochepa kukafika pakhomo la wodi n'kubwerera. Anandifotokozera kuti munthu akagona nthawi yaitali atachitidwa opaleshoni ya mwendo, magazi amatha kuundana m'mitsempha ya katumba, ndipo chibuma chake chikathothoka n'kukafika m'mapapo, munthu amafa. N'chifukwa chake amapereka mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, komanso amati uzigwedeza phazi, kulikweza ndi kulitsitsa pa kakolo, ola lililonse uli maso. Fizo yoyamba ndi imeneyo, ndipo ngakhale munthu wofooka bwanji angathe kuichita.

Asananditulutse anandiphunzitsa manambala awiri amene anadzalamulira moyo wanga wonse kwa miyezi ingapo. A fizo ali ndi karula kopinda pakati komwe amayezera bondo m'madigiri. Mwendo wowongokeratu ndi 0. Bondo lopinda monga mmene limakhalira munthu akakhala pampando ndi 90. Kuyenda pamalo athyathyathya kumafuna madigiri pafupifupi 65, kutsika masitepe ndi kudzuka pampando kumafuna 90 kapena kuposerapo, kupalasa njinga kumafuna cha m'ma 110. Cholinga chimene anandipatsa chinali kufika pa 90 m'masabata oyambirira, kenako cha m'ma 110 mpaka 120 miyezi 3 isanathe. Changu chonsechi n'chifukwa cha chipsera. Sikuti chipsera chili pakhungu pokha. M'kati mwa bondo namonso thupi limaluka mnofu wa chipsera, ndipo umenewu umayamba uli wofewa, n'kumalimba masabata akamapita. Ukaukoka ukadali wofewa umatalika, ukausiya umamanga bondo pamene walisiyapo. Akuluakulu anati kuwongola mtengo m'poyamba, ndipo pabondo mawu amenewa ndi oona ndendende.

Anthu ambiri amadera nkhawa za kupinda, koma ine ndikuti yambani ndi kuwongola. Bondo lopweteka limafuna kukhala lopindika pang'ono, ndipo munthu aliyense wachifundo akakuonani mukubuula amathamangira kukuikirani pilo kunsi kwa bondo. Mumamvadi bwino nthawi yomweyo. Koma bondo likazolowera kugona chopinda, limauma chomwecho, mwendo umakhala ngati wafupika, ndipo mumatsimphina mpaka kalekale, msana ndi chiuno n'kuyamba kudandaula nazonso. Pilo malo ake ndi kunsi kwa chidendene ndi katumba, osati kunsi kwa bondo.

Fizo yowongolera imaoneka yachibwana koma ndi imene inandikhetsa misozi kuposa zonse. Ndinkagona chagada pabedi, chidendene chili pa thaulo lokulunga, bondo lili lende m'malere popanda chilichonse cholichirikiza, zala zakuphazi zitaloza kudenga. Basi, osachita kanthu, kungolola kulemera kwa mwendo kukokere bondo pansi kwa mphindi 5 mpaka 10. Mphindi yoyamba palibe chimene umamva. Ikamakwana yachitatu, kuseri kwa bondo kumayamba kukoka ndi kuyaka, phazi limafuna kugwera kumbali kuti lizembe ululuwo, ndipo umayenera kulibweza. Mdzukulu wanga wamkazi, yemwe anali atangolemba mayeso a Fomu 4, ndiye anali woyang'anira nthawi. Ndikamaliza ndinkatsitsa mwendo pabedi n'kukanikiza bondo pansi, iye n'kuyesa kulowetsa dzanja lake kunsi kwake. Poyamba dzanja lonse linkalowa mpaka kutulukira mbali inayo. Patapita masabata zinkalowa zala zokha. Tsiku lina anayesa n'kunena kuti, "Agogo, lero palibe polowera." Umenewo ndiwo unali muyezo wathu wa pakhomo, ndipo titapita kuchipatala karula kaja kanavomereza.

Kupinda tinkachita ndi zinthu za m'nyumba momwemo. Ndinkakoleka chitenje kuphazi, kugwira nsonga zake ziwiri, n'kumakokera chidendene chakumatako pang'onopang'ono, kugwira pamenepo ndikuwerenga mpaka 10, kenako kubweza. Kuvala jumbo kuphazi kumathandiza kuti chidendene chiziterera pa bedi. Njira ina ndi kukhala pampando, phazi lili pa simenti, n'kumalibweza m'mbuyo mothandizidwa ndi mwendo wabwinowo, kenako osasuntha phazi n'kusendeza matako kutsogolo kwa mpando. Pamenepo bondo limapinda ngakhale lisakufuna.

Chinandidabwitsa kwambiri ndi mnofu waukulu wa kutsogolo kwa ntchafu. Masiku oyambirira ndinkauza mwendo kuti unyamuke koma unkangokhala phee. Palibe chinali chitaduka. Bondo likatupa ndi kupweteka, mnofu umenewu umachita ngati wagona, ndipo uyenera kudzutsidwa: kuwongola mwendo, kulimbitsa ntchafu mpaka kafupa ka pamwamba pa bondo kasunthe, kugwira masekondi 5, kumasula, kubwereza ka 10. Zikayamba kutheka mumayamba kunyamula mwendo wonse uli chiwongokere, kenako kudzuka ndi kukhala pampando mobwerezabwereza, poyamba mogwirira, pambuyo pake manja ali pachifuwa. Mnofu umenewu ndi umene umagwira bondo kuti lisagwade lokha mukamaponda, choncho musataye ndodo usanabwerere mphamvu.

Mafizo onsewa ndinauzidwa kuchita pang'onopang'ono koma kawirikawiri, katatu kapena kanayi patsiku, osati kudzipha kamodzi n'kugona masiku awiri. Lamulo lomwe anandipatsa linali losavuta kusunga. Ululu umene umabwera pochita fizo n'kutsika pakatha ola limodzi kapena awiri ndi wovomerezeka. Koma ngati kukucha bondo litatupa kuposa dzulo ndipo likukana kupinda pomwe linafika, ndiye kuti mwapyola muyezo, chepetsani tsiku limenelo koma musasiye. Za mankhwala opha ululu, imwani monga mwauzidwira, ndipo konzani kuti mafizo azibwera patapita mphindi 30 kapena 45 mutamwa. Kwathu kuno timatama munthu wopirira amene sakhudza mapiritsi. Pa nkhani iyi kupirira kotero kumakulandani bondo, chifukwa munthu amene akumva ululu woopsa sapinda mwendo.

Tsopano ndinene za kudwazika, chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwera, ndipo chimawagwetsa ndi chikondi. Ife timadziwa kusamala wodwala. Abale anabwera kuchokera ku Jali ndi ku Thondwe, a mvano anabwera ndi nyimbo ndi ufa, ndipo ndimathokoza mpaka lero. Koma aliyense wolowa m'nyumba akandipeza ndikuyenda ndi chitsulo changa, mawu ake anali amodzi: "Aa, mayi, gonani, musadzivute, tilipo ife." Madzi akumwa ankafuna kundibweretsera pabedi, nsima pabedi, ngakhale beseni losambira m'manja pabedi. Mlamu wanga anafika pokalipira mdzukulu uja kuti akuzunza agogo ake. Ndinawakhazika pansi n'kuwauza kuti, "Alamu, mukafuna kundithandiza, ndiperekezeni ndikatunge ndekha madziwo, inu muziyenda pambali panga." Anamva, ndipo kuyambira tsiku limenelo anasanduka mnzanga woyenda naye pabwalo. Wodwazika wabwino wa matenda awa si amene amakuchitira zonse. Ndi amene amachotsa mikeka ndi zingwe panjira kuti usapunthwe, amakukumbutsa nthawi ya mafizo, ndipo amalimba mtima kukuona ukusisima osakuuza kuti usiye.

Pali zithandizo ziwiri za kwathu zimene ndikupempha kuti muzikane, ngakhale atabwera nazo munthu amene mumamulemekeza. Choyamba ndi kuthowa ndi madzi otentha. Pa bondo longochitidwa kumene opaleshoni, kutentha kumawonjezera kutupa, komanso khungu la pambali pa bala limakhala ladzanzi moti mukhoza kupsa osamva. Chachiwiri, choopsa kwambiri, ndi kutemera mphini kapena kupaka mankhwala azitsamba pabala. Chitsulo chilibe magazi. Tizilombo tikalowa n'kukakhazikika pa chitsulocho, asilikali a m'thupi ndi mankhwala amavutika kutifikira, ndipo nthawi zina mapeto ake ndi kutsegulanso bondo n'kuchotsa zonse zimene anaika. Bala lizikhala louma ndi lophimba mpaka ulusi utachotsedwa, zomwe zimachitika pakatha masiku 10 mpaka 14. Amene muli ndi shuga, samalani kwambiri, chifukwa shuga wokwera amachedwetsa bala kupola.

Chochepetsa kutupa ndi kuzizira ndi kukweza mwendo. Madzi oundana muwakulunge m'kansalu, osawaika pakhungu mwachindunji, muike pabondo mphindi 15 mpaka 20 mukamaliza mafizo, mutagona ndipo phazi lili pamwamba kuposa mtima. Ife tinkaumitsa madzi m'timapepala ta mafirizesi, chifukwa timeneti timazungulira bondo bwino kuposa botolo. Magetsi akazima tinkanyika thaulo m'madzi a mumtsuko, n'kulifinya ndi kuliika pamwamba pa jumbo kuti bala lisanyowe. Sizifanana ndi madzi oundana koma zimathandiza.

Nyumba muikonzeretu musanapite kuchipatala. Mipando yathu yambiri ya pabalaza ndi yotsika komanso yolowa m'kati, ndipo munthu wa bondo latsopano akakhalamo sadzukamo. Pezani mpando wolimba, wautali, wa mikono. Ngati mumagona pamphasa, bwerekani bedi ngakhale kwa miyezi yochepa. Mbaula ikwere pamalo okwera kuti muziphika mutakhala pampando. Kubafa kukhale mpando wapulasitiki, ndowa ili pa sitolu. Nkhani yaikulu, yomwe anthu amachita nayo manyazi kufunsa, ndi chimbudzi. Kunjuta pa chimbudzi chokumba kumafuna kuti bondo lipinde kuposa mmene mawondo ambiri oikidwa amafikira, ndipo m'masabata oyamba n'kosatheka m'pang'ono pomwe. Mwana wanga anapita kwa kalipentala wa ku Chinamwali amene anakhoma mpando wa matabwa wobowola pakati, wokhala ndi pogwira mbali zonse, wotalika kufika m'mawondo mwanga. Unatuluka mtengo wochepa, koma ndi umene unandisungira ulemu wanga, chifukwa kuyambira tsiku lofika ndinkapita ndekha kuseri.

Mafizo oyang'aniridwa ndinkakachitira ku Zomba Central Hospital. Akatswiri a fizo m'dziko muno ndi ochepa. Maphunziro a digiri ya ntchito imeneyi anayamba mu 2010 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, ndipo amene alipo amaona anthu a sitiroko, ana, ndi ovulala pangozi za pamsewu, onse pamzere umodzi. Choncho mphindi zanu ndi iwo muzigwiritse bwino ntchito. Pitani ndi kope, apempheni akulembereni madigiri a tsiku limenelo, chitani fizo iliyonse iwo akuona kuti akukonzeni, ndipo wokudwazikani akhale pomwepo aziona. Ntchito yeniyeni imakachitikira kunyumba. Za mayendedwe, kabaza musakwere m'miyezi yoyamba, kaya wanjinga yakapalasa kaya yamoto, chifukwa kugwa kamodzi kukhoza kuthyola fupa pafupi ndi chitsulo. Mu minibasi pemphani mpando wakutsogolo kapena wapakhomo pomwe mwendo ungatambasuke.

Pamzere umenewo ndinadziwana ndi bambo wina wa cha ku Domasi amene anachitidwa opaleshoni ngati yanga. Iwo atatuluka m'chipatala anapita kumudzi, ana awo n'kuwasamala bwino kwambiri, osawalola kuponda pansi. Pomwe ankabwera ku fizo, bondo linali litauma, losafika n'komwe pa 90. Anachita kubwerera kwa dokotala kuti awagoneke tulo n'kulipinda mwamphamvu kuti chipsera cham'kati chiduke, ndipo anayambiranso mafizo pachiyambi. Njira imeneyi ilipo ndipo imathandiza, koma imagwira bwino ikachitika miyezi 3 yoyamba isanathe. Ngati masabata 6 akwana bondo lanu lisakufika pa 90, musadikire tsiku limene anakulemberani, pitani mukaonane ndi dokotala.

Zomba ndi mzinda wa zitunda, ndipo bondo latsopano limaudziwa bwino mzindawu. Kukwera n'kosavuta kuyerekeza ndi kutsika, chifukwa potsika mnofu wa ntchafu uja umagwira ntchito ya buleki, thupi lonse lili pa iwo. Ndinayambira pabwalo la nyumba, kenako pabwalo la mpira la sukulu yapafupi pomwe ndi pathyathyathya, ndipo zitunda ndinaziyamba mochedwa. Ndodo imagwiridwa ndi dzanja la mbali yabwino, osati la mbali yodwala monga ambiri amachitira. Kwa ine inali kumanzere, ndipo inkapita patsogolo limodzi ndi mwendo wakumanja. Pa masitepe, pokwera umatsogola mwendo wabwino, potsika umatsogola wochitidwa opaleshoni. Pondani chidendene poyamba, mapazi atalike mofanana, ndipo pemphani wina akuoneni kumbuyo, chifukwa thupi limapitiriza kutsimphina mwachizolowezi ngakhale ululu utatha. Nthawi ya mvula tinjira tathu timaterera, choncho valani nsapato zotseka zogwira pansi, masilipasi muwasiye, ndipo ndodo muitenge ngakhale munaisiya kale.

Kugwada ndi nkhani imene imatikhudza kwambiri amayi. Timagwada popereka moni kwa akuluakulu, popereka madzi, popemphera, ndipo pamaliro timakhala pansi miyendo ili tambalale kwa maola ambiri. Dokotala anandiuza kuti bala likapoleratu kugwada pa chinthu chofewa sikuwononga chitsulo, koma anthu ambiri samva bwino akagwada, ndipo ine ndili m'gulu limenelo. Pamaliro ndimanyamula kampando kanga kopinda. Poyamba ena ankandiyang'ana ngati ndikudzikweza, mpaka ndinafotokozera amayi a m'dera lathu, ndipo tsopano ndi iwo amene amandisungira malo m'mbali mwa khonde. Ndikupempha mipingo ndi mafumu kuti izi azimvetse. Mayi wokalamba amene waima n'kuweramitsa mutu, manja ali pamodzi, wapereka ulemu wokwanira.

Zina zimene zinkandiopsa zinapezeka kuti n'zachibadwa. Kunja kwa chipsera kuli kachigawo kadzanzi mpaka lero, chifukwa timitsempha ta pakhungu timaduka pocheka. Bondo limalira kuti kwe kwe poyenda, chitsulo chikamagunda pulasitiki. Linkakhala lofunda ndi lotupirako madzulo kwa miyezi yambiri, ndipo kuchira kwathunthu kumatha kutenga chaka. Tulo tinkavuta kwambiri m'masabata oyamba, ndipo usiku wina ndinkalira n'kumadzifunsa ngati ndinachita bwino kuvomera opaleshoniyi. Maganizo amenewo amabwera kwa ambiri ndipo amatha mwendo ukayamba kumvera. Koma pali zizindikiro zosafunika kugona nazo: katumba kutupa, kuuma ndi kupweteka, kubanika kapena kupweteka pachifuwa, thupi kutentha ndi kunjenjemera, bala kufiira, kutuluka madzi kapena mafinya, komanso ululu wobwera mwadzidzidzi mpaka kulephera kuponda. Zimenezi ndi za kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana, ndipo mukafika nenani msanga kuti muli ndi chitsulo m'bondo. Kutentha thupi musangokuyesa malungo n'kugula mankhwala pa golosale.

Ambiri amafunsanso ngati bondo lotere limakhalitsa. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2019 anapeza kuti mawondo 82 mwa 100 aliwonse osinthidwa ngati langali amakhala akugwirabe ntchito pakatha zaka 25. Chimene mwini wake angachite ndi kusunga mnofu wa ntchafu wamphamvu, kuchepetsa thupi ngati ndi lolemera, ndi kupewa kudumpha kapena kusenza katundu wolemera pamutu. Kumunda ndimapitabe, koma ndimapalira ndi khasu la mpini wautali, ndipo matumba a chimanga amanyamula ndi anyamata.

Bondo langa lakumanzere nalo layamba kudandaula, ndipo dokotala wati tiziliyang'anira. Sindikudikira kuti tsiku la opaleshoni lidziwike. A fizo anandiuza kuti munthu amene walowa m'chipinda cha opaleshoni ali ndi ntchafu yamphamvu ndi bondo lowongoka amayamba kuchira ali patsogolo, choncho mafizo omwe aja ndikuchitira miyendo yonse iwiri m'mawa uliwonse: kulimbitsa ntchafu, kunyamula mwendo, kudzuka ndi kukhala pampando, ndi chidendene pa thaulo. Amene mwapatsidwa kale tsiku, pitani ku fizo sabata ino mukawapemphe akuphunzitseni zimenezi mwendo usanachekedwe, ndipo mupite ndi munthu amene adzakudwazikeni.